Kodi ndine ndekha amene ndamumvera chisoni Milady?

Nachisale:
Abale anga, ndikudziwa kuti tinapangana kuti za buku la mwezi uno tikambirane Loweruka, koma mtima wanga wakana kudikira. The Three Musketeers ndalimaliza usiku wapitawu cha m'ma 1 koloko, ndipo kuchokera pamenepo tulo tinandithawa. Chandisowetsa mtendere ndi imfa ya Milady, mayi kazitape amene ndi mdani wa asilikali a m'bukuli. Ndikudziwa kuti Alexandre Dumas anamulemba kuti tizimuda, ndipo m'masamba ambiri ndinkamudadi. Koma nditafika pa mtsinje wa Lys paja ndinangozindikira ndikupukuta misozi.

Taganizani. Pakati pa usiku, chimvula chitangokata kumene, amuna khumi agwira mkazi mmodzi: asilikali anayi aja (Athos, Porthos, Aramis ndi d'Artagnan), antchito awo anayi, mlamu wake Lord de Winter, ndi wodula mitu uja wofunda chinsalu chofiira. Amumanga, wodula mitu amukweza m'bwato kupita naye kutsidya. Ali m'bwatomo akwanitsa kumasula chingwe cha kumiyendo, ndipo bwato litangogunda gombe adumpha n'kuliyatsa liwiro. Koma pansi n'ponyowa. Atafika pamwamba pa gombe aterereka, agwa chogwada, ndipo sayesanso kudzuka. Angokhala choncho, mutu ataweramitsa, kudikira lupanga. Chithunzi chimenechi chakana kuchoka m'maso mwanga.

Ndiuzeni zoona, kodi ndine ndekha?

Bambo a Yankho:
Achemwali, ndi ulemu wonse, misozi imeneyo musungireni Constance Bonacieux, wokondedwa wa d'Artagnan. Ine bukuli ndinaliwerenga koyamba ndili fomu 2, lija lachidule la mulaibulale ya kusukulu, ndipo ulendo uno ndawerenga lathunthu. Maganizo anga sanasinthe. Mayi ameneyu ndi njoka. Anadula timiyala tiwiri ta dayamondi pa chovala cha Buckingham, nduna yamphamvu ya ku England, kuti mfumukazi Anne achite manyazi pamaso pa mwamuna wake. Anatuma achiwembu kuti akawombere d'Artagnan ku La Rochelle. Zitakanika, anamutumizira vinyo wa ku Anjou wothira poizoni ngati mphatso yochokera kwa anzake, ndipo amene anamwa n'kufa ndi Brisemont. Anamuzunguza mutu Felton, msilikali amene ankamulondera, mpaka mnyamata wopemphera uja anakabaya Buckingham. Mlamu wake akuti anapha mwamuna wake wachiwiri ndi poizoni. Ndipitirize? Choipa chitsata mwini.

Mayi a Tadala:
Pa nkhani ya Constance ine ndili kumbali ya bambo a Yankho. Bwererani ku Béthune, m'nyumba ya masisitere ija. Constance akumukhulupirira ndi mtima wonse, akumuuza zakukhosi kwake, akuganiza kuti Mulungu wamutumizira mnzake pa mavuto. Mahatchi akumveka akubwera, Constance miyendo yazizira ndi mantha sangathe kuthawa. Milady akanatha kungomusiya pomwepo n'kudzipulumutsa yekha, nthawi inalipo. Koma anatsegula mphete yake, anathira poizoni m'tambula ya vinyo, n'kumumwetsa ndi dzanja lake akumuuza kuti amwe apeze mphamvu. Mwana wa eni ake amene sanamulakwirepo kalikonse. Mlandu wake unali woti d'Artagnan ankamukonda, basi. Pamenepo ine ndinatseka buku n'kupita kukatsuka mbale kuti mtima ukhale pansi.

Nachisale:
Mayi a Tadala, za Constance sindikukana ngakhale pang'ono. Imeneyo ndi mbanda, ndipo palibe madzi angaitsuke. Koma tonsefe tikuyambira nkhani pakati. Tiyeni tibwerere ku Amiens, usiku umene Athos analedzera n'kumuuza d'Artagnan nkhani ya "mnzake wina", amene kwenikweni ndi iye mwini. Akuti mnzakeyo, mwini dera lonse ku Berry, anakonda mtsikana wa zaka 16 amene ankakhala ndi mchimwene wake wansembe. Athos yekha akunena kuti akanafuna akanangomutenga mokakamiza chifukwa panalibe womuletsa, koma poti anali munthu waulemu anamukwatira. Tsiku lina ali ku uzimba, mkaziyo anagwa pa hatchi n'kukomoka. Mwamuna pofuna kuti apume bwino anang'amba diresi ndi mpeni, n'kuona chidindo paphewa. Ndiye anachita chiyani? Anamaliza kumung'ambira zovala, anamumanga manja kumbuyo, n'kumupachika pamtengo.

Munthu ali chikomokere! Sanamudikire kuti atsitsimuke. Sanamufunse kuti mkazi wanga, ichi chinabwera bwanji? Mkazi amene dzulo lake ankadya naye mbale imodzi. Ngakhale d'Artagnan, amene ankamulambira Athos, anafuula kuti kumeneko n'kupha munthu, ndipo Athos anavomera. Milady amene tikumudayu ndi munthu amene anatsika pamtengo umenewo ali moyo. Inu mukanatsika muli munthu wotani?

Bambo a Yankho:
Komatu chidindo chimenecho chinali chizindikiro cha chigawenga. Duwa la fleur-de-lis ankawotcha nalo anthu amene bwalo lawapeza olakwa. Athos anali Comte de la Fère, ndipo pa nthawi imeneyo munthu wa udindo wotero anali ndi mphamvu zoweruza m'dera lake. Ananamizidwa. Anapereka dzina la makolo ake kwa munthu amene anamubisira kuti ndi wakuba, komanso amene ankati ndi mchimwene wakeyo anali chibwenzi chake. Tisaweruze anthu a m'ma 1600 ndi malamulo a lero.

Aphunzitsi Opuma:
Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma apa ndilowererepo. Bambo a Yankho, mwanena kuti chidindo chinali cha munthu amene bwalo lamupeza wolakwa. Tsegulaninso mutu wa chiweruzo uja kumapeto, pamene wodula mitu wa ku Lille akufotokoza mbali yake, muwerenge modekha. Ambiri timathamanga pamenepa chifukwa mtima umakhala uli kale ku mtsinje.

Nkhani yake ndi iyi. Mtsikanayu anali sisitere m'nyumba ya a Benedictine ku Templemar. Wansembe wachinyamata amene ankatumikira kumeneko anagwa naye m'chikondi. Pofuna ndalama zothawira, wansembeyo anaba ziwiya zopatulika za m'tchalitchi n'kugulitsa. Anawagwira onse awiri. Patangotha masiku asanu ndi atatu mtsikanayo anathawa m'ndende mothandizidwa ndi mwana wa woyang'anira ndendeyo. Wansembe ndiye anaweruzidwa: zaka khumi m'maunyolo, ndi chidindo. Tsoka ilo, wogwira ntchito yowotcha zidindo mumzindawo anali mchimwene wake weniweni wa wansembeyo. Anamuwotcha m'bale wake chifukwa inali ntchito yake, koma analumbira kuti mtsikanayo naye alawa moto womwewo. Anamusakasaka, anamupeza, anamumanga, n'kumuwotcha paphewa yekha.

Mwaona? Palibe woweruza amene analamula kuti mtsikanayu awotchedwe. Chidindo chija sichinachokere ku bwalo. Chinachokera kwa munthu wokwiya amene anali ndi chitsulo cha boma m'manja mwake n'kuchigwiritsa ntchito pa mkwiyo wa pabanja pake. Ndiye Athos anapachika mkazi wake chifukwa cha chigamulo chimene sichinaperekedwepo.

Nangozo:
Mayo ine. Aphunzitsi, zimenezi zinandidutsa. Ndabwerera kukaona, ndi momwemodi.

Nachisale:
Ndipo werengerani zaka. Ngati pokwatiwa ndi Athos anali ndi zaka 16, ndiye kuti za ku Templemar zinachitika asanapitirire pamenepo. Mwana. Winayo ndi wansembe wodzozedwa, munthu wamkulu amene anachita malumbiro akudziwa chimene akuchita, amene anatambasula dzanja lake n'kutenga ziwiya za paguwa. Koma nkhani ikamakambidwa akuti mtsikanayo ndiye anamunyengerera. Akuti akanatha kugwetsa ngakhale woyera mtima. Amene akunena zimenezi ndani? Mchimwene wake wa wansembeyo.

Bambo a Yankho:
Chabwino, za chidindo ndagonja, sindinazione choncho. Koma musaiwale mathero a wansembe uja. Anathawa m'ndende, anapita naye ku Berry, anadzisandutsa mchimwene wake kuti akhale limodzi. Mtsikanayo atangoona mwamuna wachuma anamutaya ngati chikwatu cha chimanga. Munthuyo anabwerera ku Lille, anapeza kuti m'bale wake ali m'ndende m'malo mwake, anadzipereka, ndipo usiku womwewo anadzimangirira. Ameneyo simukumumvera chisoni?

Nachisale:
Ndikumumvera, achimwene. Chisoni si ufa woti ukapatsa wina, wina agona ndi njala.

Kalaliki:
Ine ntchito yanga ndi yosunga mafayilo a milandu, ndiye mutu wa chiweruzo uja ndinauwerenga ndi maso a kuntchito. Zimene zinachitika m'kanyumba kaja pafupi ndi Armentières si mlandu. Odandaula ndi d'Artagnan, Lord de Winter, Athos ndi wodula mitu. Oweruza ndi Porthos ndi Aramis, abwenzi a pamtima a odandaulawo. Mboni ndi anthu omwewo. Wopereka chilango ndi mmodzi mwa odandaula, ndipo Athos anali atakamutenga kale kunyumba kwake mlandu usanayambe. Munthu ukabwera ku bwalo ndi wodula mitu m'thumba, chigamulo unachilemba kale.

Woimira woimbidwa mlandu palibe. Pa imfa ya mwamuna wake wachiwiri umboni ndi mawu a mlamu basi, kuti m'bale wake anadwala modabwitsa n'kufa mwamsanga. Mwina anamuphadi, ine ndikuganiza kuti anamupha, koma kuganiza si umboni. Ndipo Milady mwini wake anawauza kuti ngati ndi wolakwa amutengere ku bwalo lenileni, chifukwa iwo si oweruza. Pa mawu onse amene ananena m'buku lonse, amenewa ndi amene ndikutsimikiza kuti sanali bodza.

Nangozo:
Ndiloleni ndinene za kwathu pang'ono, chifukwa nkhani ya Athos yandikumbutsa azakhali anga. Iwo anakwatiwa kumudzi wina kutali ndi kwathu. Tsiku lina munthu anakauza amuna awo kuti asanakwatiwe anaberekapo mwana amene anamwalira ali wakhanda. Zinali zoona, ndipo anali atabisa chifukwa cha mantha. Bambowo sanafunse kanthu. Azakhali akuchokera kudambo ndi ndowa pamutu anapeza katundu wawo ali panja, zitenje zitamwazika pafumbi, mphika umodzi utasweka. Ankhoswe sanaitanidwe. Ndinali wamng'ono koma ndikukumbuka mmene anafikira kwathu madzulo, ndi kamtolo kamodzi, osalira, osalankhula. Agogo ankangoti, bwenzi atakhala pansi ndi ankhoswe, bwenzi atamva kuti mimbayo inabwera bwanji. Azakhali sanaphe munthu, anangosanduka munthu wouma mtima amene ana tonse tinkamuopa. Ndakula ndisanawaonepo akuseka. Ndiye ndikamawerenga za mtengo uja ku Berry, ndikuona ndowa ija.

Mayi a Tadala:
Pepani a Nangozo. Koma mwanena nokha, azakhali anu sanaphe munthu. Pamenepo ndiye pali kusiyana. Anthu ambiri alakwiridwa pansi pano koma sanathire poizoni m'chakumwa cha mnzawo.

Nangozo:
N'zoona mayi. Sindikumuyeretsa. Ndikungoti amene amataya katundu panja samafunsidwa kanthu, amakhalabe munthu wolemekezeka pamudzi.

Mwana wa ku Chipata:
Moni nonse kuchokera kuno ku Zambia. Ine ndikudabwa kuti mpaka pano palibe amene watchula zimene d'Artagnan anachita. Tizinene poyera. Ankamufuna Milady, koma Milady ankafuna Comte de Wardes. Ndiye mnyamatayu anayamba chibwenzi ndi Kitty, wantchito wa Milady, pamene ankadziwa kuti mtsikanayo akumukondadi, cholinga chake chili choti azilanda makalata opita kwa de Wardes. Kenako analowa kuchipinda kwa Milady mumdima akudzitcha de Wardes. Mkaziyo anamulandira akuganiza kuti ndi munthu wina, mpaka anamupatsa mphete. Kutacha d'Artagnan analemba kalata yachipongwe m'dzina la de Wardes. Kenako anabweranso ngati iye mwini, atalonjeza kuti akamuphera de Wardes, ndipo atapeza chimene ankafuna ndi pamene anaulula zonse.

Abale, chinthu chimenechi chili ndi dzina. Mwamuna kulowa kwa mkazi mumdima akunamizira kukhala wina, kumeneko n'kugwiririra. Atachitira mlongo wanu zimenezi simunganene kuti ndi zachinyamata. Ndipo nthawi yonseyi Constance, amene akuti ankamukonda kwambiriyo, anali atabedwa, osadziwika kumene ali. Usiku womwewo ndi pamene malaya ogonera a Milady anang'ambika d'Artagnan n'kuona chidindo. Kuyambira pamenepo mayiyu ankadziwa kuti chinsinsi chimene chinamupachikitsa kale chili m'kamwa mwa mnyamata amene wangomupusitsa kumene. Chidani chake pa d'Artagnan sichinagwe kumwamba. Ndiye munthu ameneyu n'kukaima ngati wodandaula woyamba? Anyani amasekana zikundu.

Bambo a Yankho:
Apa sinditsutsa. M'buku lachidule lija la kusukulu zimenezi munalibemo, ndipo nditazipeza ulendo uno ndinachita manyazi ngati wachita ndi m'bale wanga. Komabe d'Artagnan yekha anazindikira. Pamphepete pa mtsinje paja anapempha Milady kuti amukhululukire chifukwa cha chinyengo chosayenera munthu waulemu chimene chinautsa mkwiyo wake. Ndipo pa onse aja ndi iye yekha amene mtima unamugunda n'kufuna kumuthandiza, mpaka Athos anamuimitsa atagwira lupanga.

Mwana wa ku Chipata:
Kupepesa munthu atamangidwa kale, bwato likudikira. Kupepesa kumeneko kunathandiza d'Artagnan kuti agone tulo. Milady sikunamuthandize kanthu.

Aphunzitsi Opuma:
Pali china chimene ndikufuna muchidziwe chokhudza chidindo chija, ngakhale sindikunena kuti n'chimene Dumas ankaganiza polemba. Mu 1685 mfumu Louis XIV ya ku France inakhazikitsa malamulo a akapolo otchedwa Code Noir. Limodzi mwa malamulowo linkati kapolo amene wathawa kwa mwezi wathunthu adulidwe makutu ndipo awotchedwe chidindo cha fleur-de-lis paphewa. Duwa lomwelo, paphewa pomwepo. Tsono agogo ake aakazi a Dumas, a Marie-Cessette, anali kapolo wachikuda ku Saint-Domingue, dziko limene lero ndi Haiti. Bambo ake, Thomas-Alexandre Dumas, anabadwira kumeneko mu 1762 ndipo anadzakhala mkulu wa asilikali ku France. Dzina lakuti Dumas limene tikulitchulali ndi la mayi wachikapoloyo.

Bukuli linayamba kutuluka pang'onopang'ono m'nyuzipepala ya Le Siècle mu 1844, ndipo ukapolo m'madera olamulidwa ndi France unathetsedwa kotheratu mu 1848. Ndiye pamene anthu a ku Paris ankawerenga za mkazi wa chidindo paphewa, akapolo anali adakalipo. Ine ndikawerenga za munthu amene moyo wake wonse ukupita n'kubisa phewa, amene aliyense woona khungu lake amangoti ndadziwa kale kuti ndiwe ndani, sindingathe kuiwala kuti wolembayo anali mdzukulu wa ndani.

Nachisale:
Aphunzitsi, zikomo. Zimenezi zandilowa mpaka m'mafupa.

Mayi a Tadala:
Nanga za Felton mukuti bwanji? Chifukwa pamenepo palibe amene anamulakwira. Mnyamata woona mtima, wopemphera, amene Lord de Winter ankamukhulupirira ngati mwana wake. Milady anamuyang'ana tsiku limodzi n'kudziwa pomugwirira. Anayamba kuimba nyimbo za a Puritan, kudzisandutsa wa mpingo wake, kupempha mpeni kuti adziphe, mpaka kudzibaya pang'ono mochenjera. Kenako anapeka nkhani yoti Buckingham anamugoneka ndi mankhwala, anamugwiririra, n'kumuwotcha chidindo. Masiku asanu okha mnyamata anatheratu. Ndipo Felton atagwidwa ku Portsmouth anayang'ana kunyanja n'kuona chombo chanyamuka kale nthawi imene anapangana isanakwane. Chimene chimandipweteka n'chakuti anatenga nkhani ya kugwiriridwa, ululu weniweni wa akazi ambiri, n'kuisandutsa nyambo.

Nachisale:
Zimenezo n'zoipa, ndipo inenso Felton ndinamulirira. Koma onani pamene anali. Watsekeredwa m'nyumba ya mlamu wake popanda mlandu uliwonse kuzengedwa, chikalata chalembedwa kale choti amutumize kutsidya la nyanja pa dzina la Charlotte Backson, chikungodikira kuti Buckingham asayine. Lupanga alibe, hatchi alibe, anzake atatu omufera alibe. Ali ndi nkhope, mawu ndi nzeru basi. D'Artagnan akatuluka m'msampha pobaya anthu atatu timawomba m'manja. Uyu akatuluka ndi lilime timati ndi satana.

Ndipo chimene chandivuta kwambiri ndi ichi. M'buku lonse, mbiri ya mayiyu tikuimva kwa Athos, kwa Lord de Winter, kwa wodula mitu. Onsewo ndi amuna amene ankafuna kuti afe. Malo okhawo amene iye akufotokoza yekha za chidindo chake ndi kwa Felton, ndipo pamenepo akunama. Nkhani yeniyeni, ya mmene analowera m'nyumba ya masisitere ali mwana, ngati anafuna yekha kapena anamukankhiramo, ya usiku umene anamangidwa n'kuwotchedwa, ya mmene anatsikira pamtengo uja, sitiimva m'kamwa mwake ngakhale kamodzi. Ngakhale dzina lake lenileni silikhazikika: Anne de Breuil, Charlotte Backson, Lady de Winter. Bodza limene anauza Felton lili ndi choona chimodzi pakati pake, chakuti mwamuna wina anamumangadi n'kumuwotcha popanda chiweruzo. Anangosintha dzina la mwamunayo.

Aphunzitsi Opuma:
Ndiwonjezere kuti John Felton anali munthu weniweni. Anabayadi George Villiers, Duke of Buckingham, ku Portsmouth pa 23 August 1628, ndipo ananyongedwa chaka chomwecho. Koma Felton wa m'mbiri anali msilikali wokhumudwa chifukwa cha malipiro amene sanalandire ndi udindo umene anamumana, komanso ankakhulupirira kuti Buckingham akuwononga dziko. Panalibe mkazi pankhaniyo. Dumas ndi mnzake wolemba naye, Auguste Maquet, anatenga imfa imene inabwera chifukwa cha ndale ndi ndalama n'kuisenzetsa mkazi.

Bambo a Yankho:
Ndamva zonse, ndipo zina zandisintha maganizo. Koma ndifunse funso limodzi, a Kalaliki ayankhe. Akanatani? Mukuti akanamutengera ku bwalo. Bwalo liti? Mayiyu anali kazitape wa Kadinala Richelieu, munthu amene dziko lonse la France linali m'manja mwake. Akanangomupereka kwa boma, mawa lake akanatuluka, ndipo mkuja wake d'Artagnan akanapezeka atafa. Constance thupi lake linali lisanazizire. Anthu aja sanali kusewera, ankadziwa kuti akamusiya wamoyo iwo ndi maliro.

Kalaliki:
Funso limenelo ndi lolemera, bambo, ndipo yankho lokoma ndilibe. N'zoona kuti bwalo la nthawi imeneyo silikanamugwira. Koma mawu amenewo, akuti tikamupereka kupolisi mawa atuluka, ndi omwe timawamva kuno anthu akagwira wakuba pamsika n'kuyamba kufunafuna matayala. Nthawi zina wogwidwayo amakhala wakubadi. Sindinaonepo kuti zimenezo zapangitsa chochitikacho kukhala chilungamo.

Ndipo poti mwatchula Richelieu, tiyeni timutsate. Ku nyumba ya alendo ija pafupi ndi La Rochelle, Athos akumvetsera kudzera mu paipi ya chitofu, ndani anatuma Milady ku England kuti Buckingham akakana kumvera apezeke womupha? Ndi Kadinala. Milady anapempha mutu wa d'Artagnan ngati malipiro, Kadinala n'kumulembera chikalata chonena kuti chimene mwini chikalatachi wachita, wachita molamulidwa ndi iye komanso pokomera dziko. Athos anamulanda chikalatacho atamuloza ndi mfuti. Kumapeto d'Artagnan ataitanidwa kuti akayankhe, anatulutsa chikalata chomwecho. Richelieu anatani? Anamupatsa udindo wa lefutenanti. Wantchito wake wadulidwa mutu, iye sanatayepo ngakhale tulo, chifukwa ntchito inali itagwirika ndipo mboni yoopsa inali itachoka. Amene analamula imfa ya Buckingham anafera pabedi pake mu 1642. Amene anatumidwa ndiye ali pansi pa mtsinje wa Lys.

Mayi a Tadala:
Mwandifikitsa pena, koma osati ponse. Mtsikana wa zaka 16 wopachikidwa pamtengo uja ndamulira nanu limodzi. Athos sindimuonanso ngati kale, ndipo kumwa kwake kuja tsopano ndikukumva mwina: si munthu wolakwiridwa chabe, ndi munthu amene akudziwa chimene manja ake anachita. Koma mayi wa ku Béthune uja, wotsegula mphete, ameneyo ayi. Pamene ankalira kuti ndi wamng'ono kuti afe, Lord de Winter anamuyankha kuti amene anamupha ku Béthune anali wamng'ono kuposa iye. Pa mawu amenewo ine ndinagwedeza mutu kuvomereza, ndipo mpaka pano ndikuvomerezabe.

Nachisale:
Inenso mawu amenewo anandilasa, mayi. Kungoti anatuluka m'kamwa mwa mmodzi mwa odandaula, ndipo pomwepo panaimanso wodula mitu amene anayambitsa zonse ndi chitsulo chake chamoto. Athos anapatsa wodula mituyo thumba la ndalama, iye n'kuliponya mumtsinje kuti aonetse kuti sakugwira ganyu. Kwa ine pamenepo ndi pamene anaulula kuti akumaliza mkwiyo wake wakale uja.

Nangozo:
Pali munthu mmodzi amene tonse tamuiwala. Milady anali ndi mwana wamwamuna ku England. Usiku umenewo pa amuna khumi aja palibe amene anamutchula.

Aphunzitsi Opuma:
A Nangozo, Dumas sanamuiwale. Chaka chotsatira, mu 1845, anatulutsa Twenty Years After, ndipo mwanayo akubwera atakula, dzina lake Mordaunt, atalandidwa dzina la bambo ake ndi chuma chomwe, akufunafuna aliyense amene anali pa mtsinje paja. Akuluakulu anati mlandu suwola. Sindikuuzani zambiri, koma wodula mitu uja mukamupeza ali nkhalamba imene usiku umenewo sunaipatsepo mtendere, ndipo muona amene adzamve kulapa kwake. Athos nayenso mukamumva akulankhula za usikuwo mosiyana ndi mmene analankhulira pamphepete pa madzi.

Bambo a Yankho:
Ndiye mwezi wamawa tiwerenge limenelo. Ine ndikufuna ndimve Athos akuyankha yekha.

Nachisale:
Ndavomera. Aphunzitsi, ngati muli nalo la pepala ndibwerekeni, maso anga atopa ndi kuwerengera pafoni. Loweruka ndibwera ndi langali, masamba a ku Amiens ndi a ku Lille ndawapinda kale makona kuti tikawerenge mokweza, motsatizana.